Nkhope ya Amake Rita

Aliyense amene anadutsapo pa Nyimba zaka za m'mbuyomu anaonapo dzanja la aJosphat Njobvu, ngakhale sankadziwa kuti ndi lawo. Basi ikaima, anthu n'kutsika kukagula nthochi, maso awo ankagwera pa makoma. Apa nkhuku yonenepa itaima pambali pa mbale ya tchipisi, apo mitu isanu ya amuna yometedwa mosiyanasiyana, uko mayi wokongola ataluka tsitsi pakhomo pa saluni. Zonsezo anajambula ndi aNjobvu. Kuchokera ku Kacholola mpaka ku Petauke, panalibe golosale, butchala kapena saluni yodzilemekeza imene sinaitanepo munthu wamtali uja wa njinga ya madontho a penti.

Lusoli analitola akali pa sukulu, kwawo ku Luembe. Mphunzitsi wamkulu, aImasiku, munthu wa mtundu wa Alozi amene boma linamutumiza kuno kuchokera ku Mongu, anamugwira Josphat tsiku lina akujambula mphuno ya mphunzitsi wa masamu kumbuyo kwa kope. Josphat anayembekeza chikoti. Koma aImasiku anaiyang'ana mphunoyo nthawi yaitali, n'kukhosomola pobisa kuseka, kenako anamukokera kuseri kwa kalasi kumene kunali khoma loyera. Anamupatsa buku lokhala ndi mapu a Zambia, kachinthu kosaposa chikhatho, namuuza kuti mapu amenewo akwane khoma lonselo.

Njira yake anamuphunzitsa okha. Pa kachithunzi kakang'ono umalemba timabokosi. Pa khoma umalemba mabokosi aakulu, chiwerengero chomwecho, pomenyetsa chingwe chopakidwa makala. Ukatero umatenga mzere wa m'kabokosi kalikonse n'kuupititsa m'bokosi lake lalikulu, mpaka mizere yonse italumikizana. Pomaliza umatenga sanza yonyowa n'kufufuta mabokosi onse.

"Mabokosi ni makwelelo chabe," anatero aImasiku m'Chinyanja chawo cholemera. "Ukakwela, uchotsapo. Chamene chisala ni mzele."

Mawu amenewa Josphat anakalamba nawo. Pambuyo pake anafika posafunanso mabokosi. Msomali ndi chingwe zinkamupatsa bwalo, kathabwa kowongoka kankamupatsa mzere, zotsalazo dzanja linkadziwa lokha. Chilembo chimene ankalemba pa chitseko cha lole ankatha kuchilembanso pa khoma la shedi ya thonje, chachikulu kuposa munthu, m'mphepete mwake muli mosalala chimodzimodzi.

Mkazi wawo, Misozi, anamupeza pa siteshoni ya Nyimba pomwepo, akugulitsa nthochi pafupi ndi sitolo imene iwo ankalemba. Anamufunsira masabata atatu osayankhidwa. Tsiku ndi tsiku ankatsika pa makwerero, n'kuima kudzanja lamanja la mtsikanayo, n'kulakatula mawu onse okoma amene anakonza m'mawa. Mtsikanayo duu, maso kumsewu. Josphat anayamba kuuza anzake kuti atsikana a pa siteshoni ndi onyada ngati kuti nthochizo amabala okha. Amene anamumvera chisoni ndi mayi wina wogulitsa mtedza.

"Iwe wapenti, uononga chabe mate. Khutu ilo silimvela kuchokela ali mwana. Pita ku mbali inayo."

Anapita ku mbali inayo. Misozi anapendeketsa mutu, kutchera khutu lakumanzere, namumva koyamba, naseka mpaka mpata wa m'mano ake unaonekera. Kuyambira tsiku limenelo, kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi, aNjobvu ankayenda, kukhala pa mpando, ngakhale kugwada m'tchalitchi, ali kumanzere kwa mkazi wawo. Atabadwa mwana wawo mmodzi yekhayo, dzina la Misozi linapuma, onse n'kumati amake Rita.

Zinali zaka zabwino, tinene zoona. Eni masitolo ankachita kudikirira pamzere. Amake Rita sankadziwa kuwerenga, koma ankaima kutsidya kwa msewu n'kukuwa kuti chilembo chachitatu chagwa chagada, ndipo akanena, chinalidi chitagwa. Chimodzi chokha anawaletsa amuna awo. "Nkhope yanga musakaiyike pa chipupa cha munthu," ankatero. "Sindine nkhuku ya pa lesitilanti." ANjobvu anamvera, ndipo ankanena monyadira kuti ajambula ng'ombe, mabasi, Yesu ndi atumwi ake, koma mkazi wawo sanamujambulepo.

Kenako kunabwera makina. Anthu anayamba kupita ku Petauke kukasindikizitsa zikwangwani pa zinsalu za pulasitiki, zonyezimira, zotuluka tsiku lomwelo. Makampani a mafoni nawo anayamba kupaka masitolo mitundu yawo mwaulere, msewu wonse n'kumaoneka ngati wavala yunifolomu. Nkhuku za aNjobvu zinakwiriridwa imodziimodzi, mitu yometa nayo inatsatira. Iwo sanadandaule mokweza. Anapachika mabulashi m'chitini, n'kubwerera kukalima mpendadzuwa.

Amake Rita anamwalira mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati. Anakaikidwa kumudzi kwawo, kwa abale awo akuchikazi, monga mwa mwambo. Chithunzi chawo chenicheni chinali chimodzi chokha, chojambulidwa pa situdiyo ina ku Petauke Rita akali khanda loberekedwa kumbuyo. Pa tsiku la maliro anachichotsa m'felemu n'kuchiika pamwamba pa bokosi kuti anthu azichiona. Rita, amene tsopano ndi namwino ku Kitwe, anachijambula ndi foni yake m'mawa womwewo. Ali kumanda mvula inakhuthuka. Wina atakumbukira chithunzicho anachipeza chitamatirira ku nkhata za maluwa, mitundu itasungunuka, ndipo pochikoka chinang'ambika ngati tsamba lovunda.

"Musadandaule atate," anatero Rita. "Chili mu foni. Mu foni sichingaonongeke."

Onse anavomereza, ngakhale aNjobvu amene. Chinthu chili m'foni, n'kudandauliranji pepala? Rita anachitumiza ku gulu la banja la pa foni, wina anachitumiza kwa mnzake, winanso anachiika pankhope ya foni yake masiku a maliro. Patapita miyezi foni ya Rita inagwera m'madzi n'kufa. Atapempha kuti wina amubwezere chithunzi cha amayi ake, chimene chinapezeka chinali chimene msuweni wina anachijambula kuchokera pa galasi la foni ya mnzake. Pa foni chinkaonekabe bwino, kankhope kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo palibe anaganizanso za icho.

Patatha zaka ziwiri abale anagwirizana zomanga chiliza, mwambo wovundukula n'kuikidwa Loweruka lomaliza la Ogasiti. Rita anaimba foni kuti akufuna nkhope ya amayi ake ioneke: pa chinsalu chachikulu choimika kumanda, pa masikipa a achibale, ndiponso pa mwala weniweniwo. Anatuma atate ake kwa Juliet Kalaba, mayi wa shopu yosindikiza ku Petauke. ANjobvu sanakonde kulowa m'nyumba ya makina amene anawalanda ntchito, koma nkhani inali ya mkazi wawo. Anavala jekete, nakwera minibasi.

Juliet anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wolankhula mofulumira. Anawapatsa mpando, nalandira chithunzicho kuchokera kwa Rita, nachitsegula pa kompyuta. ANjobvu anasendera pafupi. Anali amake Rita, ali kutali, aang'ono. Juliet anayamba kuchikuza. Nkhope inakula, n'kukulabe, kenako inayamba kusweka. Tsaya linasanduka timabokosi tofiirira. Diso linasanduka mabokosi anayi akuda. Pakamwa, pomwe panali mpata uja, panangokhala kabokosi kamodzi kotuwa.

ANjobvu anayang'anitsitsa. "Mwana wanga, amene anachita ichi anaiwala kufuta mabokosi. Futa, mzele uoneke."

Juliet anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Bambo, pansi pa mabokosi palibe mzele. Chithunzi cha mu foni ni mabokosi yekayeka, kalikonse na mtundu wake, monga mikanda. Yakakhala yambili, maso yanamizidwa, yaona nkhope. Manje ichi chayenda mu mafoni yambili, ndipo paliponse pamene chinapita chinasiyako mikanda. Yamene yasala ni aya. Nikakuza, nikuza chabe mikanda."

"Nanga vilembo ivi?" anafunsa aNjobvu, akuloza chikwangwani cha sukulu ina chimene chinkatuluka m'makina, zilembo zake zazikulu, zosalala. "Ivi sivisweka bwanji?"

"Ivo ni vina. Ise timati vekita. Kompyuta siisunga chithunzi, isunga njila: yambila apa, pita apo, khota so. Olo mufune chikhale monga batani, olo monga chipupa, imalembanso mzele watsopano."

ANjobvu anaizindikira njirayo. Msomali ndi chingwe basi. Zaka zonsezi ankadana ndi makinawa, osadziwa kuti m'kati mwake muli aImasiku.

Juliet anayesa zimene akanatha. Anati pali pulogalamu imene imalosera nkhope pomwe yasowa, naidyetsa timabokosi tija. Panatuluka mayi wosalala khungu, mano oyera ondondozana bwinobwino, wokongola ndithu, koma mkazi wa munthu wina. ANjobvu anatembenuzira nkhope kukhoma mpaka Juliet atamuchotsa mlendoyo. Pamenepo mayiyo ananena kuti njira yatsala imodzi: wina ajambule nkhopeyo ndi dzanja, iye adzaitsata pa kompyuta n'kuisandutsa mizere. "Ndipo nimvela ati imwe ndimwe aNjobvu a mapenti," anatero.

Anabwerera ku Nyimba ndi pepala la timabokosi tija m'thumba la jekete. Masiku anayi anakhala pakhonde ndi makala ndi makatoni a sopo. Anachita monga anaphunzirira, bokosi ndi bokosi, koma m'mabokosimo munalibe choti atenge. Anataya pepalalo n'kuyesa za m'mutu. Akatsinzina ankamva mawu a mkazi wawo, ankaona chitenje chawo cha masamba obiriwira, ankaona ngakhale chipsera cha pa chala. Koma nkhope inkathawa. Akagwira maso, mphuno imasowa. Akaikapo mphuno, pakatoni pamatuluka mlongo wa ku tchalitchi kapena namwino wa ku chipatala, wowongoka khosi ngati wa pa chitupa. Tsiku lachinayi anaika makala pansi, nalira monga sanalirire pamaliro. Chimene chinawapweteka si chithunzi chotayika, madzi akatayika saoleka. Chinawapweteka n'chakuti munthu amene anagona naye mphasa imodzi zaka makumi anayi ndi chimodzi, iwo mwini wake wa luso, anali atamuiwala nkhope pa zaka ziwiri zokha.

Lachisanu anakweranso minibasi kukauza Juliet kuti angolemba dzina ndi masiku, zokwana. Anaika makatoni aja patebulo kuti mayiyo aone yekha kuti ayesetsa. Juliet anawatembenuza limodzilimodzi, nachita tsinya.

"Koma aba si banthu banu, bambo. Ine n'nakulila pa Nyimba, atate benze aphunzitsi paja. Tikachoka ku sukulu tenze kupita pa saluni ya pafupi na msika, paja munajambula mzimai. Na pa telala, na pa lesitilanti ya ku Kacholola. Bazimai banu bonse benze na mutu wopendeka, so." Anapendeketsa mutu wake, khutu lakumanzere patsogolo. "Na kampata pa mano. Tenze kuseka ati aNjobvu nkhuku aziba, koma khosi ya mzimai yabakanga."

ANjobvu anaona saluni ya pa msika m'maganizo mwawo, naona ya ku Kacholola, naona mayi wonyamula thireyi pa lesitilanti, mayi wa makina osokera, mayi wa sopo pa golosale ya amwenye. Onse opendeketsa mutu, onse akumvetsera. Iwo ankaganiza kuti umo ndi mmene mkazi amakhalira basi. Lonjezo lija la kusamuika pa khoma la munthu analiswa m'tauni iliyonse ya mumsewu waukulu, osadziwa, ndipo amake Rita, amene ankaona chilembo chopendekera ali kutsidya kwa msewu, sananenepo kanthu.

"Nipatseko pepala," anatero aNjobvu. "Ikulu."

Juliet anayala pepala loyera patebulo lodulira. ANjobvu anatulutsa kakala m'thumba. Ulendo uno sanayese kukumbukira aliyense. Anangodziuza kuti mwini saluni wabwera, akufuna mayi pakhomo pake, ndipo analisiya dzanja lichite zimene linachita kambirimbiri. Mzere umodzi unatsika kuchokera pa duku mpaka pachibwano. Wina unapinda khosi. Nsidze, maso ofinyira pang'ono, mphuno, milomo yotseguka, kampata. Sizinatenge nthawi yophikira tiyi. Atabwerera m'mbuyo masitepe awiri, monga ankachitira potsika pa makwerero, anayang'ana pepalalo. Amake Rita anali pamenepo, akudikira kuti amve chimene amuna awo akufuna kunena.

Zotsalazo anachita ndi Juliet, aNjobvu ali pambali ngati kapitawo. Anajambula pepalalo, naliika pa kompyuta, nayamba kukhoma timadontho m'mphepete mwa mzere uliwonse n'kumapinda mzere pakati pake. "Msomali uyo wauika patali," ankatero mkuluyo. "Bwezela pang'ono. Apo." Atamaliza, Juliet anachotsa chithunzi cha pepala chija pansi, n'kutsala mizere yokhayokha. Anaichepetsa mpaka inakwana pa thumba la sikipa, nkhope ili yomweyo. Anaikuza mpaka diso limodzi linadzaza galasi lonse, ndipo m'mphepete mwake munali mosalala ngati mwadutsa bulashi yatsopano. ANjobvu anafunafuna mabokosi, osawapeza.

Vuto linabuka Lachinayi la sabata ya mwambo, chinsalu chitafika kumudzi. Mlamu wawo aJennipher, mkulu wake wa malemu, amene mawu awo ndiwo ankamveka pa zonse za chilizachi, anachifunyulula pabwalo n'kugwira m'chiuno.

"Alamu, ichi n'chiyani? Banthu baika mafoto ya mitundu, imwe mwatibweletsela vojambula va makala monga tilibe nzelu. Na mutu wapendeka. Banthu bazakamba ati makina yanalakwitsa. Tumilani uja mkazi aongole."

Juliet anali atanena kale kuti kuwongola n'kosavuta, kungogwira mizere ya mutu n'kuitembenuza. ANjobvu, amene pa zaka zonse za ukamwini wawo sanatsutsepo mlamu wawoyu, anayankha mofatsa kuti mutuwo ukhala momwemo. AJennipher anatsegula pakamwa kuti awakalipire, nayang'ananso chinsalucho kuti apeze pena polozapo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako manja anatsika m'chiuno, nakhala pansi pafumbi pomwepo, chitenje kumaso.

"Misozi, mwana wa amai," anatero. "Ni uyu."

Loweruka kunacha kwa mphepo, monga umakhalira Ogasiti. Chinsalu anachimanga pa nsungwi ziwiri kumutu kwa manda, nkhope yaitali kuposa munthu. Achibale anavala masikipa, kankhope komweko pachifuwa. Abusa atapemphera, Rita ndi aJennipher anachotsa nsalu yoyera pa mwala, ndipo pamwalapo panali mizere yomweyo, yogobedwa bwino, mvula singaisungunule. Amayi ena achikulire a pa siteshoni ya Nyimba, amene ankagulitsa nthochi limodzi ndi malemu, anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Itakwana nthawi yoti mwamuna wa malemu alankhule, woyendetsa mwambo anawaimika aNjobvu pomwe panali maikolofoni, kudzanja lamanja la chithunzicho. Mkuluyo anayang'ana chithunzicho, pepala la mawu lili m'manja. Kenako anaisiya maikolofoni, nazungulira manda pang'onopang'ono, anthu akudabwa, mpaka anakaima mbali inayo, pafupi ndi khutu lakumanzere. Rita, aJennipher ndi amayi a pa siteshoni aja ndiwo anadziwa chifukwa chake.

Anavula chipewa, nasendeza pakamwa pafupi ndi chinsalucho.

"Amake Rita," anatero motsitsa, "munaniletsa kukuikani pa chipupa. N'nakuikani paliponse, ndipo munaziba. Lelo nabwela kupepesa."

Mphepo inagwedeza chinsalu pang'ono. Mayi wa pa chinsaluyo anali atapendeketsa mutu, akumvetsera.